Dalaivala Wowerenga Zosalembedwa

Dzina loti Aphungu anawapatsa ndi akazi awo, ndipo sanawapatse mowalemekeza ayi. Munthuyu sanapikisanepo nawo pa chisankho chilichonse, ngakhale cha komiti ya makolo kusukulu. Ntchito yawo ndi udalaivala wa basi ya mumzinda, m'dziko la eni limene akhalamo zaka khumi ndi chimodzi. Koma muwapeze pa nthawi yopuma, atakhala pa benchi ya kudepoti, kapu ya tiyi ili pabondo, foni ili kukhutu, akumvera wailesi ya kwawo. Mungaganize kuti dziko lonse lija likudikira iwo kuti liyende. Amayankha nduna, amadzudzula mtolankhani chifukwa chofunsa mafunso ofewa, bajeti yonse amaikana ndi mutu. Madalaivala anzawo, omwe samva ngakhale liwu limodzi, anazolowera, amangosuntha pang'ono kuti tiyi asawatayikire.

Kwawo anali kalaliki wa ku positi ofesi. Akazi awo, omwe ndi namwino, ndiwo anayamba kupeza ntchito kunja, iwo n'kutsatira pambuyo ndi sutikesi imodzi, jekete lopyapyala, ndi mtima woti zaka zitatu zokha basi tibwerera. Zaka zitatu zija zinaswana. Chiyankhulo cha eni dziko anachiphunzira pa ukulu, mochita kukakamiza lilime, mpaka anakhoza mayeso a udalaivala. Amalowa ntchito mbandakucha n'kuweruka 2 koloko masana. Shifiti imeneyi anzawo amaithawa, koma iwo anachita kuipempha kuti azikatenga mwana kusukulu.

Ntchitoyo amaikonda, ngakhale savomera msanga. Amadziwa nkhope za m'mawa uliwonse: bambo wa kagalu kotsimphina, atsikana awiri a kubekale omwe amakwera akununkhira ufa, mayi wina amene amathamangira basi tsiku lililonse ngati yabwera modzidzimutsa. Pa siteji yomaliza amakhala ndi mphindi zisanu ndi ziwiri asanatembenuke. Amazimitsa injini, n'kutulutsa chibuku chachikulu cha mbiri ya njanji chimene akhala akuchibwereka mobwerezabwereza kwa zaka ziwiri, n'kuwerenga tsamba limodzi. Amati sakuthamangira kulikonse, njanjizo anamanga kale. Nthawi zina bukulo limangokhala pamiyendo, iwo akuyang'ana mvula pa galasi, akudzifunsa ngati munthu angakhale wa malo awiri popanda kung'ambika pakati. Kenako nthawi imakwana, amayatsa injini.

Mwana ali naye mmodzi, wamkazi, wa zaka zisanu ndi zinayi, wobadwira komweko. Amamutcha Kadona chifukwa ali wakhanda ankakana kuyamwa anthu akumuyang'ana. Pakhomo pawo, pa nsanjika yachitatu, pali nyumba ya malamulo ya anthu atatu. Aphungu amabweretsa mfundo, Kadona amatsutsa, mayi a m'nyumbamo amagamula uku akuvula nsapato za kuntchito, ndipo akagamula nkhani yatha. N'chifukwa chake amuna awo amawatcha a Sipikala.

Tchuthi cha banjali nachonso chili ndi kayendedwe kake. Kwawo n'kutali, si koti n'kumapita chaka ndi chaka. Anapitako kamodzi kokha Kadona akadali wa kumsana. Ndiye sukulu ikatsekera, Aphungu amayala mapu a mabasi patebulo, Kadona amatsinzina n'kuloza nambala, ndipo mawa lake atatuwo amakwera basi imeneyo mpaka pa siteji yomaliza, atanyamula fulasiki, buledi ndi mazira owiritsa. Mwanjira imeneyi aonapo fakitale ya matayala, manda aakulu okhala ndi mabenchi abwino, ndi dziwe lina la abakha aulesi kumene a Sipikala anagona tulo pa udzu maola awiri. Aphungu amati ulendo ndi ulendo, bola ukhale pa mpando wakumbuyo wina akukuyendetsa.

Koma chimene chimadziwika kwambiri pakhomopo ndi kawerengedwe kawo. Kadona ali ndi zaka ziwiri anayamba kupita naye ku laibulale Lachitatu lililonse. Mabuku a m'chiyankhulo cha kwawo munalibe, ndipo akanachokera kuti? Aphungu sanadandaule. Ankabwereka omwe analipowo, n'kukhala patebulo la kukhitchini mwana ali pamwendo, maso akuwerenga chiyankhulo cha eni dziko, pakamwa pakutuluka cha kwawo. Poyamba ankamasulira mokhulupirika. Koma kwa munthu wa pakamwa ngati iwowo, kukhulupirika kumatopetsa. Posakhalitsa chimbalangondo cha m'buku chinayamba kulonjeza milatho kumene kulibe mitsinje. Abakha ankanyanyala msonkhano chifukwa cholimbirana mipando. Woyendetsa sitima ankamva pa wailesi kuti amuchotsa ntchito. Tsamba la mizere itatu linkatha mphindi khumi, mwana akugubuduka ndi phwete.

"Mukumunamiza mwanayu," a Sipikala ankatero uku akusita yunifolomu.

"Sindikunama. Ndikuwerenga zimene wolemba anaiwala kulemba."

Nkhaniyi inafika mpaka kusukulu. Chaka choyamba, aphunzitsi anauza ana kuti aliyense afotokoze buku limene amalikonda. Kadona anaimirira n'kufotokoza za chimbalangondo chimene chinasowetsa simenti ya mlatho n'kunamizira agologolo. Aphunzitsiwo, omwe bukulo ankalidziwa pamtima ndipo munali nkhani ya uchi ndi ubwenzi basi, anaitana makolo. A Sipikala anakana kupita, anati wophika yekha ndiye akalawe. Aphungu anapita atavala tayi, anafotokoza zonse, ndipo anatuluka aphunzitsi akupukuta misozi ya kuseka. Kadona atadziwa kuwerenga yekha anachitulukira chinyengocho, koma patebulo sanaleke kubwera. Ankatsatira mizere ndi chala, bambo ake akapatuka iye n'kugogoda pa tsamba, iwo n'kupitiriza ngati sanamve.

Panali chinthu chimodzi chokha chimene chinkawadya mumtima Aphungu. Kadona ankamva chilichonse, ngakhale zimene makolo ake ankanong'onezana, koma poyankha ankayankha m'chiyankhulo cha kusukulu. Sanayambe choncho. Ali wamng'ono ankayankhula cha kwawo ndithu, mokhotakhota monga mwana aliyense. Tsiku lina, ali ndi zaka zisanu, anamupatsa foni kuti apereke moni kwa achibale omwe anasonkhana kwa azakhali ake. Atangoyankhula mawu ochepa, chipinda chonse cha uko chinafa ndi phwete. Sankamuseka mwachipongwe, ankasangalala ndi kalilime kake, mpaka ena anati abwereze. Koma mwana sadziwa kusiyanitsa. Anabweza foni, analowa pansi pa tebulo, ndipo kuyambira tsiku limenelo chiyankhulo cha kwawo sichinatulukenso pakamwa pake.

Apa ndi pamene Aphungu anadzikola okha. Bambo awo, telala wopuma ntchito yemwe akazi ake anamwalira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ankafunsa za mdzukulu Lamlungu lililonse. Aphungu, posafuna kuwakhumudwitsa, ndiponso, tinene zoona, pofuna kutchuka, ankati, "Ameneyu, bambo? Amayankhula kuposa ine. Kungoti panopa watuluka." Zaka zinayi mwanayo anali atatuluka. Akakhala kuti sanatuluke, ndiye kuti akusamba.

Ndiyeno mapepala a ulendo wa agogowo, omwe anawalondola chaka chathunthu, anatheka. Anagwirizana kuti adzabwere pa tchuthi chachikulu cha sukulu, adzakhale mwezi umodzi.

"Malo ndidzaona, koma sindikubwerera nyumba zosanja ine," agogo anatero pafoni. "Ndikubwera kudzacheza ndi mdzukulu wanga woposa bambo ake pakamwa uja. Ndili ndi zambiri zoti ndimufunse."

Aphungu anaika foni pansi thukuta lili kamukamu. Kuululika kwa bodza sikunali kwakukulu. Ankadziwa kuti bambo awo adzawanyoza masiku awiri n'kuiwala. Chimene chinawaopsa n'choti nkhalamba yopitirira zaka makumi asanu ndi awiri iuluke mtunda wonsewo, mwina ulendo woyamba ndi womaliza, kudzakhala mwezi wathunthu moyang'anizana ndi magazi ake omwe, ngati anthu awiri odikira basi. Ankachita mantha, ndipo ankachita manyazi.

Kunatsala masabata asanu ndi limodzi, ndipo anayambitsa kampeni. Analonjeza njinga. Analonjeza kagalu, akudziwa bwinobwino kuti eni nyumba salola. Anamata timapepala ta mayina a zinthu pa firiji, pa chitseko, pa ketulo, mpaka pa nsapato za a Sipikala. Kadona anamvetsera zonse mwaulemu, kenako ananena m'chiyankhulo cha kusukulu kuti malonjezo amenewa akufanana ndi a chimbalangondo chija.

"Mwaphunzitsa nokha," a Sipikala anatero. "Musiyeni mwana. Mukamamukoka ndi pamene akulimbira."

"Nanga bambo ndikawauza chiyani?"

"Zoona. Tayesani kamodzi, mwina muzikonda."

Sanayese.

Ku bwalo la ndege agogo anatulukira atavala suti yotuwa yosoka okha, ali afupi kuposa mmene Aphungu ankawakumbukirira. Aphungu analira osabisa, anthu akuona. Kadona anapereka moni umene analoweza, mawu atatu, bwinobwino ndithu, kenako anazimirira kumbuyo kwa mayi ake. M'basi agogo anamufunsa za sukulu, iye anavomera ndi mutu. Anamufunsa dzina la aphunzitsi ake, anavomeranso ndi mutu.

"Watopa," anatero Aphungu.

"Amene wauluka ndine kapena iyeyu?" agogo anafunsa.

Sabata yoyamba Aphungu anali atatenga tchuthi kuntchito, ndipo anaitha akuyankhula m'malo mwa mwana. Agogo akafunsa Kadona kanthu, iwo ankalilumphira funsolo lisanafike. Tsiku lina onse anakwera basi mpaka pa siteji yomaliza ya nambala ina, kumene anapeza msika wa zinthu zakale. Agogo anaima theka la ola pa makina osokera a mtundu umene anayambira nawo ntchito, akufotokozera mdzukulu wawo mmene ulusi umadutsira. Kadona anamvetsera maso ali pa zala zawo. Kamodzi anatsegula pakamwa kuti afunse, n'kutsekanso. Aphungu anaona, ndipo mtima unawapweteka.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi, akutsuka mbale awiriwiri, agogo anati, "Mwanayu sayankhula, eti?"

"Amamva zonse, bambo."

"Sindinafunse za makutu."

Aphungu anapukuta mbale imodzi mpaka inatsala pang'ono kubooka. Kenako anafotokoza zonse, za foni ija, za pansi pa tebulo, za zaka zinayi zosamba. Ankadikira mkuntho, koma agogo anangopukusa mutu.

"Ndiye wakhala ukundinamiza Lamlungu lililonse? Chabwino. Iwe bwerera ku ntchito yako. Wayankhula zokwanira anthu atatu."

Lolemba Aphungu anabwerera pa chiwongolero. A Sipikala nawonso anali pa shifiti ya m'mawa, choncho m'nyumba munkatsala awiriwo. Aphungu ankayendetsa basi mutu uli kunyumba, moti tsiku lina anapitirira siteji mayi wina akuimika ndi ambulera. Akaweruka ankapeza bata. Agogo ankakonza mipendero ya makatani imene palibe anawapempha, Kadona akuwalowetsera ulusi pa singano chifukwa maso awo anali atayamba kuchita nkhungu. Ankagwirizana ndithu, koma ndi manja ndi zikope basi.

Nthawi imeneyi n'kuti mumzindamo muli kampeni ya makhansala. Timapepala ta nkhope zomwetulira tinkagwa pa kabowo ka makalata tsiku ndi tsiku. Aphungu, katswiri wa ndale za kutali, za pamene ankakhala analibe nazo ntchito. Ankati chisankho chanji chodutsa mwakachetechete chonchi, anthu osatukwanana n'komwe, ndipo timapepalato ankasendera makoko a mazira. Koma matenda a ndale anatengera kwa bambo awo. Agogo anayamba kutitola, kutiwongola ndi chikhatho, n'kutisanja pawindo. Zithunzi ankaziona, ndipo anali atagamula kale kuti bambo wa tayi yofiira jekete lake ndi lobwereka. Mawu okha ndiwo ankawasowa.

Lachinayi la sabata yachiwiri Aphungu anakwera masitepe wapansi chifukwa chikepe chinali chitafa. Atafika pakhomo, kiyi ali m'manja, anamva mawu mkati. Anayesa ndi wailesi. Kenako anatchera khutu.

"Ine... ndikakhala khansala... mabini onse adzakhala ndi maloko. Kuti zinyalala zisabedwe."

"Aa, kuno amabanso zinyalala?" Awa anali agogo.

"Amaba. Akuti... akuti chaka chatha anaba zambiri. Ndiye ndidzapanga komiti."

"Komiti! Ndinadziwa ine. Pitiriza, mayi. Nanga wa jekete lobwerekayo akuti chiyani?"

Mawuwo anali aang'ono, okhota m'malo ena, opumira pakati ngati munthu wowoloka pa miyala. Koma kakokedwe ka "ndiye", kakhosomolo kabodza asanatchule lonjezo lalikulu, zonsezo Aphungu anazizindikira. Anali iwo omwe. Mwa kuona kwa mwanayo, iye sankayankhula ayi, ankawerenga. Ndipo pakhomo pawo kuwerenga n'kumeneko: maso pa pepala, pakamwa cha kwawo, n'kuwonjezera zimene wolemba anaiwala. Mawu akakhota, wakhotetsa ndi khansala, osati iye.

Aphungu anakhala pa sitepe yomaliza, yunifolomu ili m'thupi, n'kumvetsera mphindi makumi awiri. Mayi woyandikana nawo nyumba anawadutsa ndi zogula zake n'kuwafunsa ngati ataya kiyi. Anamuonetsa kiyiyo akumwetulira ngati chitsiru, misozi ili chuchuchu. Chimwemwe chotere anali asanachimvepo chibwerere m'dziko limeneli.

Atalowa, Kadona anabisa kapepala pansi pa ntchafu n'kubwerera ku chiyankhulo cha kusukulu. Agogo anayang'ana mwana wawo ndi diso limene ankamuyang'ana nalo kale akafuna kuseweretsa sizasi, ndipo Aphungu anasunga pakamwa. Nkhaniyi anakawauzira a Sipikala m'bafa, mpopi atautsegula kuti mawu asamveke.

"Mukangoyamikira, mwaononga," a Sipikala anawachenjeza, iwonso akupukuta m'maso. "Ndimakudziwani inu. Mukangotsegula pakamwa ndikutulutsani m'nyumba ya malamulo."

Masiku otsatira timapepala ta kampeni tinasowa m'nyumba yonse yosanja ija, chifukwa Aphungu ankatola ngakhale totayidwa ndi anansi n'kumatiponya pa kabowo kawo mwakabisira. Titachepa, anawonjezera ndandanda ya mabasi, kalata ya eni nyumba yonena za chikepe, ndi kabuku ka malangizo a makina ochapira. Zonse zinawerengedwa. Pa chakudya agogo ankafotokoza, osaseka n'komwe, kuti makina ochapira aja akuti amadana ndi masokosi a bambo a m'nyumba muno. Aphungu anayamba kuda nkhawa ina. Kodi nkhalambayi ikukhulupirira zonsezi? Ikabwerera izikauza anthu kuti mwana wawo amakhala kumene amaba zinyalala?

Koma popanda pepala m'manja, Kadona anali yemwe uja. Agogo akamufunsa ngati akufuna tiyi, ankavomera ndi mutu. Akamufunsa maganizo ake pa nkhani imene wangowerenga kumene, ankayang'ana pansi. Ndipo masiku ankatha. Sutikesi inatsitsidwa pamwamba pa wadiropu, a Sipikala anayamba kupinda tinthu totumiza kwa achibale, ndipo Aphungu ankadziuza kuti theka ndi labwino kuposa kusowa, koma mtima sunkavomera.

Loweruka lomaliza, kutatsala masiku atatu kuti agogo anyamuke, onse anayi anali patebulo atamaliza chakudya cha m'mawa. Agogo anatulutsa kapepala m'thumba la malaya, kopindidwa bwino kona ndi kona. Kanali ka mayi wina wa magalasi, woima payekha wopanda chipani.

"Iwe, tandiwerengera apa," anauza mwana wawo. "Mdzukulu wanga anandiwerengera dzulo, koma ndikufuna ndimve kawiri. Akuti mayi ameneyu akapambana, agogo onse obwera kudzaona adzukulu awo sadzaloledwa kubwerera. Akuti adzatseka bwalo la ndege ndi unyolo. Zili pomwepo?"

Aphungu analandira kapepalako. Panali mizere isanu: magetsi a mumsewu, malo oimika njinga, mitengo, maola a laibulale, ndi pempho la voti. Anayang'ana Kadona. Mwanayo anali ataweramira mbale, akusonkhanitsa nyenyeswa za buledi ndi chala. Munthu amene kwa zaka zisanu ndi ziwiri sanasowepo chowonjezera pa tsamba lililonse anangobwereza mizere isanu ija ndi maso. Akati palibe, amuyalutsa mwana, ndipo mwina n'kulowanso pansi pa tebulo zaka zina zinayi. Akati zilipo, anamizanso bambo awo. Anayang'ana a Sipikala, koma a Sipikala anali atapeza ntchito yofunika kwambiri m'kapu yawo.

"Bambo," anayamba, "kalembedwe ka kuno..."

"Bweretsa kuno." Agogo analanda kapepalako. "Zaka makumi anayi ndakhala ndikusoka ine. Nsalu ya mita imodzi ikatulutsa suti yathunthu, ndimadziwa kuti wina wawonjezera yake. Kapepala kakang'ono ngati aka kangatuluke mawu onse aja?"

Anatembenukira kwa Kadona, mawu atafewa.

"Nsalu yowonjezerayo ndi imene ndaikonda. Mayiyu ndilibe naye ntchito, sindimudziwa, iyenso sandidziwa. Akandiuza iye kuti ndisapite, ndipita ndithu. Koma mwina m'nyumba muno muli wina amene ali ndi mawu akeake."

Anapinda kapepala, anakabwezera m'thumba, n'kumanga batani.

Kadona anayang'ana uku ndi uku kufuna chogwira, ndandanda, envelopu, ngakhale pepala lokulungira buledi, koma a Sipikala anali atachotsa zonse patebulo, mwangozi kapena dala, mpaka lero sanena. Aphungu anagwira m'mphepete mwa mpando ndi manja awiri. Ankafuna kumuthandiza mwana wawo moti lilime linkawayabwa, koma anadziwa kuti thandizo lokhalo linali kukhala chete.

Kadona anaika manja opanda kanthu patebulo.

"Agogo," anatero, mawu ali pansipansi. "Musapite. Ine sindinamalize."

"Sunamalize chiyani?"

"Kukuuzani."

"Kundiuza chiyani?"

"Zonse. Za aphunzitsi anga. Za mnzanga amene anandikwiyitsa. Za dzino langa ili, likugwedera. Zambiri, agogo. Masiku atatu ndi ochepa."

Agogo anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali ndi nsonga ya malaya.

"Kwathu ndiyenera kubwerera, mayi. Kuli nyumba, kuli manda a agogo ako aakazi, kuli anthu omwe akuyenda ndi mathalauza osweka podikira ine. Sindingakunamize ngati bambo akowa." Anavalanso magalasi. "Koma iwe dalaivala, mapepala anga aja amandilola miyezi ingati?"

"Itatu, bambo."

"Nanga tikiti imasinthika?"

"Imasinthika."

"Ndiye ukudikira chiyani?"

Aphungu anadzuka mwamphamvu mpando n'kugwera kumbuyo. Anaimba ku kampani ya ndege, anawaika podikira ndi kanyimbo, ndipo anaima pakhomo la khitchini foni ili kukhutu. Patebulo zokambirana zinali zitayamba kale.

"Masabata awiri," agogo anatero.

"Ayi. Khumi."

"Khumi? Nkhuku zanga zindiiwala. Atatu."

"Mulibe nkhuku. Munanena kuti munagulitsa."

"Ndinanena liti?"

"Lachiwiri, mukusoka katani. Mumayesa sindikumva?"

"Chabwino, anayi."

"Asanu ndi atatu. Ndipo mundiphunzitse kusoka mabatani."

"Mwana uyu ndi wouma mutu. Watengera ndani?"

"Inu."

A Sipikala anaseka mpaka anagwira tebulo. Pafoni kanyimbo kanaduka, ndipo mawu a mtsikana wa ku kampani anafunsa kuti ulendowo ausunthire tsiku liti. Aphungu anayang'ana patebulo.

"Pepani, tadikirani pang'ono," anatero. "Mwana wanga akuyankhula."